Mafunso ndi Mayankho: Kodi Mulungu amalandira munthu wobwera chifukwa cha njala?

Mwezi uno tasankha makalata atatu amene akukhudza nkhani imodzi, ya munthu amene anasochera ndipo akufuna kubwerera kwa Mulungu. Mayina a olemba ndi a midzi yawo tawabisa monga mwa nthawi zonse.

FUNSO

Okondedwa Abusa, ndine bambo wa zaka 43, ndipo ndikulemba kalatayi ndili ku Johannesburg kumene ndakhala zaka 12. Ndinakulira mu mpingo wa CCAP, ndinalowa kalasi, ndipo ndinkaimba kwaya. Pochoka kumudzi ndinasiya mkazi wanga wa ukwati woyera ndi ana awiri, n'kuwalonjeza kuti ndidzabwera pakatha zaka ziwiri ndi ndalama za malata. Poyamba ndinkatumiza thandizo, koma kenako ndinayamba mowa, ndinalowetsa mkazi wina m'nyumba, ndipo ndinasintha nambala ya foni kuti akumudzi asamandipeze. Ndinamva kuti mpingo unandidula. Mayi anga atamwalira, uthenga unandipeza patatha milungu itatu, moti sindinaponye dothi m'manda mwawo. Tsopano ntchito inatha, mkazi uja anachoka, ndipo m'thupi simuli bwino. Ndikufuna kubwerera kumudzi ndi kwa Mulungu, koma mtima ukunditsutsa kuti ndikubwera chifukwa zandivuta basi. Kodi Mulungu amalandira munthu wobwera chifukwa cha njala? Nanga m'tchalitchi ndikalowa ndi nkhope yotani, poti anthu akanena kuti ndabwera kudzafuna maliro oimbira?

Mtchona, Johannesburg

YANKHO

Achimwene, funso lanu loyamba Ambuye Yesu analiyankha kale m'fanizo la mwana wolowerera, pa Luka 15:11-32. Ambiri a ife tinayamba kulimva fanizoli tili ku Sande sukulu, ndipo chifukwa cholizolowera sitionanso chimene chinamunyamula mnyamata uja pakati pa nkhumba. Werengani vesi 17 modekha. Iye sananene kuti wasowa bambo ake, ndipo sananene kuti mtima ukumupweteka pokumbukira misozi ya nkhalambayo. Chimene anakumbukira n'chakuti antchito a bambo ake amadya n'kusiya, pamene iye akufa ndi njala. Yesu akanatha kuikometsera nkhaniyi pomupatsa mnyamatayo chifukwa chooneka bwino, koma anaisiya choncho, ndipo ine ndimakhulupirira kuti anaisiya dala chifukwa cha anthu onga inu ndi ine.

Tchimo la mnyamatayo silinali laling'ono. Kupempha cholowa bambo ako ali moyo kuli ngati kuyamba kugawana chuma cha masiye mwini wake akali kupuma, ndipo ngakhale kwathu kuno mwana wotere akuluakulu angamuyese wotembereredwa. Lamulo la pa Deuteronomo 21:17 linkapatsa mwana woyamba magawo awiri, kotero pa ana aamuna awiri wamng'onoyo anachoka ndi gawo limodzi mwa magawo atatu a zonse zimene bambo ake anakhetsera thukuta. Anakamwaza zonsezo kudziko lakutali, mpaka anafika poweta nkhumba, nyama imene Levitiko 11:7 imaitcha yodetsedwa kwa Myuda, n'kumasirira makoko amene nkhumbazo zinkadya. Anthu amene ankamvetsera Yesu tsiku limenelo anadziwa kuti palibenso pansi pena pamene mwana wa Chiyuda akanafika.

Tsono taonani zimene zinachitika pamsewu wolowera kumudzi. Bamboyo anamuona mwana wake akali kutali, ndipo munthu amene amaona wobwera akali kutali ndi amene maso ake anazolowera kuyang'ana kunjira. Kenako anathamanga. Inu mukudziwa kuti munthu wamkulu wa ulemu wake sathamanga anthu akuona. Amakhala pakhonde, ndipo wolakwa ndi amene amabwera n'kudzagwada chapatali, kudikira kuti alankhulidwe. Bambo uyu anataya ulemu wakewo, nakamukumbatira mwana wonunkha khola asanasambe, asanasinthe zovala, ndiponso asanatsegule pakamwa kupepesa. Mnyamatayo anali atakonzeratu mawu ake: kuti wachimwira kumwamba ndi bambo ake, kuti sayeneranso kutchedwa mwana, ndipo kuti amulembe ngati mmodzi wa antchito. Mukayerekeza vesi 19 ndi vesi 21 muona kuti mawu otsirizawo sanawafike, chifukwa bambo anali atayamba kale kuitanitsa mkanjo wabwino koposa, mphete, nsapato ndi mwana wang'ombe wonenepa. Mwanayo ankafuna kubwera ngati waganyu, kuti abweze ngongole yake pang'onopang'ono ndi thukuta, koma bambo anakana kumulandira pa udindo wina uliwonse kupatula wa mwana.

Ndakhalitsa pa fanizoli chifukwa m'kalata mwanu ndikumvamo mtima wa waganyu womwewo. Mukuganiza kuti muyenera kuyamba mwatsuka zolinga zanu, kuti mukafike pamaso pa Mulungu ndi chikondi choyera, pamenepo ndiye akulandireni. Koma chikondi chimenecho simungachipeze muli kutali ndi Iye, monganso munthu wozizidwa sangayambe wafunda kenako n'kumayandikira moto. Mfumu Manase, amene nkhani yake ili pa 2 Mbiri 33, analamulira Yuda zaka 55, anamanga maguwa a mafano m'Nyumba ya Mulungu, ndipo anapsereza ana ake omwe ngati nsembe. Sanatembenuke ali pampando wachifumu. Anatembenuka atagwidwa ndi ankhondo a Asiriya n'kutengedwa womangidwa kupita ku Babulo, ndipo Malemba amanena mosabisa kuti anafuna Mulungu ali m'masautso, Mulunguyo n'kumva pemphero lake. Choncho njala, matenda ndi kutha kwa ntchito sizichititsa kulapa kukhala kwabodza. Kulapa kumadziwika ndi mbali imene munthu walunjika akadzuka, komanso ngati wavomera kunena kuti ndachimwa popanda kuloza chala mowa, anzake kapena moyo wa ku Joni. M'kalata mwanu simunaloze chala munthu aliyense, ndipo chimenechi chandilimbitsa mtima kwambiri.

Komabe sindingakhale mbusa woona ndikakubisirani mbali yowawa. Pali madzi amene anatayika ndipo sawoleka. Maliro a mayi anu anapita, ndipo ana amene munawasiya akukwawa kapena akuyamba sukulu lero ndi anyamata ndi atsikana amene akula akuona mayi awo akulima okha ndi kupempha fizi kwa abale. Davide atavomera tchimo lake pamaso pa mneneri Natani, anauzidwa nthawi yomweyo kuti Mulungu wamukhululukira (2 Samueli 12:13), koma mavuto amene tchimolo linabala m'banja mwake anakhala nawo mpaka ukalamba. Chikhululukiro cha Mulungu n'chaulere ndiponso n'chathunthu, koma sichikupatsani ufulu wokafika pakhomo pa mkazi wanu usiku ndi chikwama, n'kuyembekezera kuti akuyalirani mphasa ngati munachoka dzulo. Mayi ameneyo munamulakwira kwambiri, ndipo ngati adzakulandireninso m'nyumba, chidzakhala chisomo chake, osati ngongole imene ali nayo kwa inu chifukwa choti mwalapa.

Chotero yendani njira imene makolo athu anaika. Musananyamuke, imbirani foni amalume anu kapena mkulu wina wa kubanja kwanu, muwauze zoona zonse, ndipo iwo akadziwitse ankhoswe a mbali zonse ziwiri kuti mukubwera kudzapepesa. Ngati kuli mwana amene munabereka ku Johannesburg, munene poyera, chifukwa nayenso ndi udindo wanu ndipo nkhani yobisidwa lero idzaphwasula mawa zonse zimene mwamanga. Popeza mwati m'thupi simuli bwino, pitani kuchipatala mukayezetse magazi musanafike kumudzi, ndipo zotsatira zake mkazi wanu azimve kuchokera pakamwa panu; ichi nachonso ndi chipatso cha kulapa. Zakeyu atalandira Yesu m'nyumba mwake analonjeza kubweza kanayi zonse zimene analanda (Luka 19:8). Inu mwina mulibe ndalama yobweza, koma muli ndi manja ogwira khasu ndi zaka zimene Mulungu akusungirani. Mukafika, pemphaninso abale kuti, atadziwitsa amfumu monga mwa mwambo, akakuonetseni pamene anagona mayi anu, mukalire maliro amene simunalire.

Tsopano za mpingo. Anthu ambiri akamva kuti adulidwa amaganiza kuti Mulungu wawafufuta m'buku lake, koma kudulidwa sikutanthauza zimenezo. Munthu wodulidwa amaimitsidwa kudya Mgonero wa Ambuye ndi kugwira maudindo, koma khomo la tchalitchi silitsekedwa kwa iye, ndipo ubatizo wake subwerezedwa pobwerera, chifukwa lonjezo limene Mulungu anaika pa iye silinathe mphamvu. Mukafika kumudzi, kaonaneni ndi mkulu wa mpingo wa m'dera lanu kapena abusa, ndipo iwo akatengera nkhani yanu ku bwalo la akulu ampingo. Adzakumvani, adzakuikani m'kalasi kwa nthawi imene aone kuti ndi yoyenera, kenako mudzabwezedwa pamaso pa mpingo. Kwa awerengi athu a Chikatolika, njira yake ndi kukaonana ndi wansembe ndi kulandira sakramenti la kulapa. Ndikupemphani kuti miyezi ya kalasiyo musakaiyese mtengo wogulira chikhululukiro, pakuti Mulungu sadikira kalasi kuti akhululuke. Miyeziyo ndi yoti miyendo imene inaiwala njira izolowerenso, ndiponso kuti abale amene munawakhumudwitsa aone okha kusintha kwanu.

Nkhani yolandira obwerera inavutapo mpingo kalekale, ndipo mbali yaikulu ya mkanganowo inachitikira mu Africa muno. M'chaka cha 250 mfumu ya Aroma, Decius, inalamula kuti munthu aliyense apereke nsembe kwa milungu ya boma ndi kulandira chikalata chotsimikizira kuti watero, ndipo Akhristu ochuluka anagonja chifukwa cha mantha. Chizunzo chitachepa, anthu amenewa anabwera akulira kuti alandiridwenso. Ku Roma kunali mtsogoleri wina, Novatian, amene ankaphunzitsa kuti munthu wokana Khristu mpingo usamulandirenso. Koma mabishopu amene anasonkhana ku Carthage, m'dziko limene lero ndi Tunisia, m'chaka cha 251 motsogozedwa ndi Cyprian, bishopu wa mzindawo, anagamula kuti khomo lisatsekedwe kwa olapa, ndipo mbali yaikulu ya mpingo inakana chiphunzitso cha Novatian. Paulo nayenso, polemba za munthu amene Akorinto anamulanga, anawauza kuti chilangocho chakwana, ndipo tsopano amukhululukire ndi kumutonthoza kuti angamizidwe ndi chisoni chopitirira (2 Akorinto 2:6-8). Mpingo umene umadziwa kudula koma osadziwa kubweza wasiya theka la ntchito yake.

Za maliro oimbira, inde, ena adzanena, ndipo sindingakulonjezeni kuti pakamwa pa anthu padzatsekeka. Koma chigawenga chimene chinapachikidwa pambali pa Yesu chinapempha kukumbukiridwa chitatsala ndi maola ochepa, ndipo Ambuye sanachifunse chifukwa chimene chinachedwera (Luka 23:39-43). Kwanu n'kwanu, Achimwene, mthengo mudalaka njoka. Ndipo musadikire kuti ndalama ya basi ipezeke kuti muyambe kupemphera. Ku Johannesburg komweko kuli mipingo kumene Amalawi amasonkhana. Lamulungu likubwerali kalowenimo, ngakhale mukakhale pabenchi ya kumbuyo.

FUNSO

Abusa, ine ndine mayi wa Chigwirizano. Mlongo wanga wamng'ono anagulitsa munda wa makolo athu mobisa, ndalama zonse n'kumwera, kenako anasowa. Ine ndinasamala mayi athu odwala zaka zisanu ndi zinayi mpaka kuwaika m'manda. Chaka chatha iye anatembenuka mtima pamsonkhano wa chitsitsimutso, ndipo tsopano amayenda m'mipingo kupereka umboni, anthu n'kumaomba m'manja. Kwa ine sanabwere n'kamodzi komwe kudzapepesa. Ndikamuona kutsogolo mtima umandiwawa, ndipo ndimalephera kuimba nawo. Kodi ndikuchimwa?

Mayi wodandaula, Dedza

YANKHO

Mayi, choyamba ndikuthokozeni chifukwa cha zaka zisanu ndi zinayi zimenezo, pakuti mwina palibe amene anakuthokozanipo. Kusambitsa kholo lodwala, kulitembenuza pamphasa ndi kuligonera kuchipatala ndi ntchito imene siomberedwa m'manja, koma Mulungu anaiona yonse.

Fanizo limene ndafotokoza pamwambali lili ndi mwana wachiwiri, wamkulu, amene anabwera kuchokera kumunda n'kumva nyimbo ndi magule, ndipo anakana kulowa. Alaliki timafulumira kumudzudzula, koma bambo ake sanatero. Vesi 28 imati bamboyo anatuluka kukamudandaulira, ndiye kuti tsiku limodzi lomwelo anatulukira ana onse awiri, wina kumsewu, wina kuseri kwa nyumba. Sanamuuze kuti ntchito yake inali yachabe, koma anamutcha mwana wake, n'kumukumbutsa kuti iye ali nawo nthawi zonse ndipo zonse za bamboyo ndi zake. Chimodzi chokha ndi chimene anamukonza. Mnyamatayo pokwiya anati "mwana wanuyu", ndipo bambo poyankha anati "mng'ono wakoyu". Ululu umene muli nawo si tchimo, Mayi. Tchimo lingalowe pokhapokha ululuwo utakula n'kufika poti mumufufute mlongo wanuyo mumtima, n'kumalakalaka kuti Mulungu akanapanda kumulandira.

Koma pa mfundo ya kupepesa, inu mukulondola ndipo mlongo wanuyo akulakwa. Yesu anati munthu akabwera ndi chopereka kuguwa, n'kukumbukira kuti m'bale wake ali naye chifukwa, asiye choperekacho pomwepo, ayambe wakayanjana ndi m'baleyo (Mateyo 5:23-24). Kuima kutsogolo kwa anthu osakudziwa n'kufotokoza za mowa umene unasiya n'kopepuka poyerekeza ndi kukhala pansi pakhomo pa mlongo wako n'kutchula munda umene unagulitsa. Ndimadandaula kuona mipingo ina ikuthamangira kupereka guwa kwa munthu amene watembenuka dzulo, asanakonze za kunyumba kwake, chonsecho Paulo anachenjeza kuti wotembenuka kumene asapatsidwe udindo msanga kuopa kuti angadzitukumule (1 Timoteyo 3:6). Kuchita zimenezi kumamupweteka wotembenukayo, ndipo kumapwetekanso anthu onga inu amene mukukhala m'mabenchi ndi mabala osapola.

Mwina mlongo wanuyo manyazi ndi amene akumulepheretsa, chifukwa nkhope yanu imamukumbutsa zonse zimene akufuna kuiwala. Tsatirani Mateyo 18:15: mupiteni nokha poyamba, mumuuze mosapsa mtima kuti mukuyamika Mulungu chifukwa chosiya mowa, koma nkhani ya munda ndi ya mayi anu sinakambidwe. Akapanda kumva, tengani amalume anu kapena mkulu wa mpingo. Kumukhululukira mungathe kuyamba lero m'pemphero, koma kumukhulupiriranso pa za chuma cha banja kudikire mpaka ntchito zake zitaoneka.

FUNSO

Abusa, ndine mtsikana wa zaka 22, wophunzira ku koleji. Ndabwererapo kwa Ambuye katatu, ndipo katatu konse ndagwanso m'tchimo lomwelo. Nthawi ina ndinapita kwa sing'anga kukatenga chithumwa cha chikondi, ndipo ndikadali nacho chifukwa ndimaopa kuchitaya. Mnzanga anandiuza kuti ndinachitira mwano Mzimu Woyera ndipo sindingakhululukidwenso. Usiku sindigona. Kodi ndi zoona?

Wamantha, Zomba

YANKHO

Mwana wanga, si zoona. Mawu onena za kuchitira mwano Mzimu Woyera ali pa Marko 3:22-30, ndipo vesi 30 imatiuza chifukwa chimene Yesu anawanenera: aphunzitsi a malamulo anaona ndi maso awo anthu akumasulidwa ku ziwanda, koma mwadala ananena kuti Yesu akuchita zimenezo ndi mphamvu ya Belezebule. Ameneyo ndi mtima umene waona kuwala n'kukutcha mdima, ndipo sufuna kukhululukidwa chifukwa suona cholakwa. Munthu wa mtima wotero sasowa tulo chifukwa cha tchimo, ndipo salembera kalata abusa. Kusowa tulo kwakoko kukusonyeza kuti Mzimu yemweyo akadali kulankhula nawe. Uwerengenso vesi 28, imene mnzakoyo anaidumpha, pamene Yesu akunena kuti machimo onse a anthu adzakhululukidwa.

Wati wagwa katatu. Petro anakana Ambuye wake katatu usiku umodzi, akuotha moto wamakala m'bwalo la mkulu wa ansembe, mpaka kulumbira kuti munthuyo samudziwa. Yesu atauka, mngelo anauza amayi amene anapita kumanda kuti akadziwitse ophunzira a Yesu, n'kutchula Petro ndi dzina (Marko 16:7), ngati kuti ankadziwa kuti Petroyo sakudziwerengeranso m'gulu. Pambuyo pake, m'mbali mwa nyanja ya Tiberiya, Yesu anasonkha moto wina wamakala, anawakonzera nsomba ndi buledi, ndipo atadya anamufunsa Petro katatu ngati amamukonda, n'kumupatsanso ntchito yoweta nkhosa zake (Yohane 21:9-17). Yesu yemweyo anauza Petro kuti azikhululukira m'bale wake osati kasanu ndi kawiri kokha, koma mobwerezabwereza osawerenga, ndipo sangatilamule ife kuchita chimene Iye mwini sachita.

Komabe kugwa pamalo amodzimodzi katatu kukutiuza kuti pali china chimene sichinachotsedwe, ndipo ndikuganiza kuti nthawi zonse zitatuzo unabwerera wekha, mwachinsinsi, popanda munthu woyenda nawe. Peza mayi mmodzi wokhwima m'chikhulupiriro, wodziwa kusunga chinsinsi, umuuze tchimolo ndi dzina lake, ndipo umulole kuti azikufunsa mmene ukuyendera. Ngati pali nambala ya foni imene imakubwezera kumbuyo, uifufute. Za chithumwacho, anthu a ku Efeso atakhulupirira anabweretsa mabuku awo amatsenga n'kuwatentha anthu onse akuona, ngakhale mtengo wake unakwana ndalama zasiliva 50,000 (Machitidwe 19:18-19), ndipo Malemba sanena kuti wina anavulala chifukwa chotero. Popeza ukuopa kuchigwira wekha, usachitaye wekha. Sabata ino chitengere kwa abusa a pakoleji panupo kapena kwa mayi amene wamusankhayo, mupemphere limodzi, muchitenthe, ndipo ukatero undilemberenso kalata kundiuza ngati tulo tabwerera.